PA KHONDE LA MPHUNZITSI: Za Agogo a Khasu, ndi Njira Yopezera Makolo Athu



Mwezi wa Novembala watipezanso, mwezi umene Eklezia, Mai wathu, amatikumbutsa abale athu amene anatsogola. Mwambo wakupatula tsiku laciwiri la mweziwu kuti tipempherere akufa onse unayambira ku nyumba ya amonke ya ku Cluny, m'dziko la France, m'masiku a Odilo Woyera, zaka pafupi cikwi zapitazo; ndipo lero wafika ngakhale m'timachalichi tathu ta m'midzi ya kwa Kanduku, kumene banja liri lonse limalemba maina a akufa ace pa pepala, ndi kundipatsa ine kuti ndikapereke kwa Bambo Mfumu. Zaka zambiri ndalandira mapepala amenewa, ndipo ndaona cinthu cimodzi: onse ndi aafupi. Munthu alemba atate ace, amai ace, mwana amene anamwalira ali wakhanda, kapena agogo amene anamlera. Pamenepo colembera caima. Kuseri kwa agogo kuli mdima, ngati kuti mtundu wathu unamera ndi mvula ya dzana.

Caka catha, pamene ndinali kulemba pepala la banja langa, mwana wanga wamkazi, amene anali kundigwirira nyali, anandifunsa nati: "Atate, nanga agogo a agogo athu anali yani? Kodi iwo safuna Misa?" Ndinagwidwa manyazi, ine amene ndimaphunzitsa ana a eni maina a Abrahamu, Izaki ndi Yakobe, osadziwa maina a makolo anga. Tsono ndinayamba kufunafuna, ndipo mwezi uno ndifuna kukusimbirani zimene ndinapeza za kholo limodzi, mlimi amene anabadwa Azungu asanakhazikike m'dziko muno. Sindicita izi kuti nditamande mtundu wathu, iai, koma kuti inunso muone njira, ndi kuyendamo nthawi isanathe. Dzina lao sindilemba muno, pakuti mbumba yao ndi yaikulu ndipo sindinapemphe onse; ndidzangowachula Agogo a Khasu, ndipo cifukwa cace mudzacimva.

MBIRI IMENE TINAKULA NAYO

Pa mtundu pathu panali mbiri imodzi yokha ya kholo limeneli, ndipo tinali kuikonda. Tinkati anali Mngoni weniweni, ngwazi ya nkhondo, amene anacokera kumwera ndi nthungo ndi cishango. Ndipo umboni wace unali wakuti makutu ao anali obooka monga mwa mwambo wa Angoni. Amalume anga, amene ali mwini mbumba wathu, ndipo salephera kupita ku Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko ku Nkolimbo, m'boma la Ntcheu, ankaisimba mbiriyi pa maliro ndi pa maukwati, nthawi zonse ndi kuonjezapo pang'ono. Ife ana tikamva, mitima inkakula.

Koma nditayamba kuwerenga mibadwo pa zala, ndinaona kuti zaka sizigwirizana. Gulu la Zwangendaba linaoloka Zambezi m'caka ca 1835, tsiku limene dzuwa linada masana, ndipo a kwa Maseko anaoloka paokha m'nyengo yomweyo. Koma mwana wamkazi wotsiriza wa Agogo a Khasu anamwalira dziko lino litalandira kale ufulu wace wa 1964, ndipo alipo ambiri amoyo amene anadya nsima ya m'manja mwace. Kodi munthu amene anaoloka Zambezi ndi cishango m'manja akanabala bwanji mwana ameneyo? Ndinazindikira kuti pakati pa mbiri ndi coonadi pali khwawa, ndipo ndiyenera kufuna pooloka.

MABUKU A KU MISHONI

Mudziwe, abale anga, kuti Eklezia ali ndi mwambo wakale wakulemba ana ace. Msonkhano waukulu wa ku Trent unalamula m'caka ca 1563 kuti wansembe ali yense asunge buku la ubatizo ndi buku la maukwati; m'caka ca 1614 anaonjezapo buku la akufa ndi buku la mabanja; ndipo m'caka ca 1907, m'masiku a Papa Pio wa Khumi, kunalamulidwa kuti munthu akakwatira, ukwati wace ulembedwenso pambali pa dzina lace m'buku la ubatizo. Pamene Abambo a Montfort atatu, Bambo Bourget, Bambo Winnen ndi Bambo Prézeau, anamanga Mishoni yao yoyamba ku Nzama m'caka ca 1901, anadza nao mwambo womwewo, ndipo unafalikira ku Neno ndi ku Mishoni zina zimene zinatsatira.

Boma nalonso liri ndi nyumba yace yosungira makalata akale ku Zomba, imene inatsegulidwa m'caka ca 1947. Koma makalata ambiri a zaka zoyamba anapsa ndi moto umene unagwa pa maofesi a boma ku Zomba m'caka ca 1919. Ndipo mabuku a Abwana a m'maboma ankasamala za mafumu, za anyakwawa, ndi za kuwerenga nyumba zokhoma msonkho, osati za mlimi wamba ndi ana ace. Lamulo lakuti mwana ali yense alembedwe pobadwa ndi la dzulodzuloli, la caka ca 2010. Cotero munthu wa kumudzi, ngati dzina lace linalembedwa pena pace zaka zana zapitazo, kawirikawiri ndi m'mabuku a Mishoni.

Ndinayamba ndi kalata yanga ya ubatizo, monga munthu wofuna gwero la mtsinje ayamba pamene waima, nakwera pang'ono pang'ono. Mzere wanga unandipatsa maina a atate ndi amai, ndi mudzi wao. Mzere wa amai unandipatsa agogo. Wa agogo unandipatsa amai ao. Pamenepo mabuku a Parishi yathu analekeza, ndipo Bambo Mfumu anandilembera kalata yopita nayo ku Mishoni yakale imene inkayang'anira midzi yathu Parishi isanabadwe. Kumeneko anandikhazika pa tebulo, nandiikira mabuku a zikuto zakuda, a mapepala ofiirira, onunkha ukalamba.

Masiku awiri sindinapeze kanthu, ndipo cifukwa cace cinali maina. Makolo athu sanali ndi dzina limodzi monga ife. Panali dzina la ubwana, dzina la ku cinamwali, dzina la mfunda, dzina loitanira munthu ndi mwana wace woyamba, ndipo ena anatenganso dzina lina ku nchito ku Halale kapena ku Joni. Pamwamba pa izi, ansembe oyamba anali Afalansa ndi Adachi, ndipo ankalemba monga khutu lao linamvera: pamene ife tiika "l" iwo aika "r", pamene ife tipumira mpweya iwo asiya, ndipo dzina limodzi likhoza kulembedwa njira zitatu m'buku limodzi. Ndinaleka kuwerenga ndi maso okha, ndi kuyamba kuchula dzina liri lonse mokweza. Ndipo tsiku lacitatu khutu linapeza cimene diso linaphonya.

Poyamba ndinapeza ukwati wa mwana wao wamkazi wotsiriza uja. M'danga la atate a mkwatibwi munali dzina lao la pamudzi, ndi liu limodzi la Cilatini lotanthauza kuti anali akali akunja. Ndi dzina limenelo m'manja ndinatsegula buku la ubatizo, ndi kufika pa masamba a miyezi ya mliri wa fuluwenza, umene unasesa dziko lino kumapeto kwa 1918 ndi kuciyambi kwa 1919. Masamba amenewo munthu awazindikira asanawerenge, pakuti maina athithikana, dzanja la wolemba lifulumira, ndipo pafupi mzere uli wonse uli ndi mau akuti "in periculo mortis", ndiye kuti wobatizidwa ali pafupi kufa, ndi kamtanda pambali. Pakati pa mizere imeneyo panali mzere wa kholo lathu: dzina la Cikristu, dzina la pamudzi, dzina la atate ao, dzina la amai ao, mudzi, zaka "circa 60", ndiye kuti ngati makumi asanu ndi limodzi, wowabatiza anali mphunzitsi wa pamudzi. Ndipo pambali, ndi inki yofooka, Bambo wina analemba mau owerengeka, amene Cilatini canga ca ku seminare cinakwanira kuwamasulira motere: anabadwira ku Shire, anagwidwa ndi Angoni.

Ndinakhala cete nthawi yaitali. Ndinadza kudzafuna mwini nkhondo, ndipo ndinapeza wogwidwa pa nkhondo.

PAKAMWA PA NKHALAMBA

Akulu anati, safunsa anadya phula. Buku linandipatsa mzere umodzi, koma moyo wa munthu sukwana mu mzere umodzi. Tsono ndinagula shuga ndi sopo, ndi kupita kwa agogo anga aakazi, mkulu wao wa amai a mai anga, amene pa njala ya 1949 anali kale mtsikana wodziwa kusinja, ndipo analeredwa m'nyumba ya mwana wotsiriza uja. Sindinawauze zimene ndinawerenga, kuopa kuwaika mau m'kamwa. Ndinangopempha kuti andisimbire zimene anamva.

Anaseka, nati: "Amuna anga, lero mwakumbuka kuti muli ndi mkazi kuno? Zaka zonsezi mungondipitirira pa njinga ndi mabuku anu. Nkhaniyi ndiri nayo, koma palibe adandifunsa." Ndipo anasimba motere:

"Agogo anga adati atate ao adabadwa caka ca cilala cacikulu, kumunsi ku Shire, ndipo amai ao adawabereka kumsana pothawa njala ndi ogwira anthu, kudya nyika za m'madzi ndi mizu ya m'chire. Adakula, nayamba kumera ndebvu, koma asanakwatire nkhondo ya Chikuse idatsika kumapiri, niwapeza m'munda alikupalira. Adawatenga ndi khasu lao lomwe pa phewa. Amai ao sadawaonenso. Kumtunda kuja adawaboola makutu, monga ankacitira onse ogwidwa, nawapereka ku nyumba ya nduna ina. Ndipo poona kuti munda wao ubala kuposa minda yonse, adawasiya ku khasu. Komweko adakwatira mkazi wa kuno, amene nayenso adatengedwa ali mwana. Mwana wao woyamba adamucha dzina la amai ao aja. Agogo anga, cimalizira, adabadwa caka cimene Azungu adapha Gomani. Ndipo pambuyo pace anthu atayamba kubalalika, iwo adatsika ndi mkazi wao kudzafuna abale a mkaziyo kuno ku mtsinje wa Mwanza, mbeu ya mapira atamanga m'kansalu."

Ndinafunsa dzina la mwana woyamba uja. Analichula, ndipo linali dzina lomwe lija limene ndinaliona m'buku, m'danga la amai. Nkhalamba yosadziwa kuwerenga ndi buku losadziwa kulankhula zinabvomerezana. Ndipo ndinalingalira m'mtima kuti dzina la mai ameneyo latifika cifukwa mwana wace, ali gone pa mphasa ya imfa, patapita zaka zoposa makumi atatu cisiyanirane, analichula kwa mphunzitsi wowabatiza.

KUWERENGA ZAKA NDI ZOCITIKA

Makolo athu sankawerenga zaka ndi manambala, koma ndi njala, nkhondo, dzombe ndi imfa za mafumu. Ndipo zocitika zimenezi zinalembedwa ndi ena, kotero kuti tikhoza kuziika pa malo pace. Cilala cacikulu ca ku Shire cinali ca 1862 ndi 1863, ndipo David Livingstone anaciona ndi maso, midzi iri bwinja ndi mitembo irikuyandama pa mtsinje. Inalinso nyengo ya ogwira anthu, pakuti m'caka ca 1861 iye ndi anzace anamasula akapolo 84 pa mudzi wa Mbame, amene ogula anali kupita nao ku Tete. Angoni a kwa Maseko anakhazikika ku phiri la Domwe, limene lero liri m'dziko la Mozambique, m'zaka za pafupi ndi 1870, nagonjetsa Antumba ndi mitundu ina ya m'mapiri. Ndipo m'caka ca 1884 nkhondo ya Chikuse inaoloka Shire, nifika mpaka ku midzi yozungulira Blantyre. Gomani woyamba, mwana wa Chikuse, anaphedwa ndi Angerezi m'caka ca 1896.

Onani tsono m'mene mbiri iimirira. Wobadwa pa cilala ca 1862 anali ndi zaka ngati 22 pa nkhondo ya 1884, msinkhu weniweni wa mnyamata wa ndebvu zoyamba amene sanakwatire. Anali ndi zaka ngati 34 pobadwa cimalizira cao. Ndipo anali ndi zaka 56 kapena 57 pa mliri wa fuluwenza. Buku linati 60, koma musadabwe, pakuti wolemba ankangoyang'ana imvi ndi makwinya, ndi kuika nambala yozungulira. Pa maina khulupirirani buku. Pa zaka, yesani buku ndi zocitika.

Cinthu cina cimene muyenera kudziwa, inu a kuno kumalire, ndi ici: malire a dziko lino ndi Mozambique anapanganidwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi m'caka ca 1891, anthu ali kale m'midzi yao. Makolo athu ankayenda pakati pa Domwe, Zobue ndi Mwanza osadziwa kuti alikuoloka kanthu. Cifukwa cace mbumba imodzi ikhoza kukhala ndi maina ena m'mabuku a kuno, ndi ena m'mabuku a Cipwitikizi a Mishoni za tsidya lija.

MUNDA WAO

Nditafunsa za kalimidwe kao, agogo analowa m'nyumba, natuluka ndi kanthu kokulunga m'sanza. Linali khasu lopanda mpini, losula ndi manja, la msuka wautali, koma lakutha ndi nchito kufikira linatsala ngati cikhatho ca mwana. "Cuma cao ndi cimeneci," anatero. "Cishango sindinacione."

Khasu lotere silinacokere ku sitolo. Amang'anja ankakumba mwala wa citsulo, kuusungunula m'ng'anjo ndi makala ndi mvukuto, ndi kusula makasu, nkhwangwa ndi mipeni; ndipo khasu linali ngati ndalama, logulira mcere ndi kulipira mlandu. Livingstone, pokwera Shire m'caka ca 1859, anapeza midzi ya Amang'anja iri ndi osula, ndi minda ya thonje limene eni ace ankapota ndi kuomba nsalu, ndipo amuna, akazi ndi ana onse ali pamodzi m'munda. M'midzi yotere ndimo munabadwira kholo lathu, ndipo nzeru ya kumeneko ndiyo inawasunga pakati pa alendo.

Potsegula mphanje ankadula mitengo, kuunjika nthambi ndi kuzitentha, kuti phulusa lidyetse nthaka. Sankalima mizere monga ife, pakuti mizere yopingasa phiri inaumirizidwa ndi boma la Atsamunda m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950. Iwo ankaunda matutu, kukwirira udzu ndi masamba m'kati, ndipo pa munda umodzi pankamera mapira, maungu, khobwe ndi nandolo, kuti cina cikakana cina cibvomere. Cimanga cinalipo, koma sicinali mfumu ya mbeu zonse monga lero. Mapira ndiwo ankapirira dzuwa, ngakhale ankafuna ana pa nsanja kuingitsa mbalame, ndi mwamuna pa cilindo usiku kudikira nguluwe. Mvula ikatha ankatsikira ku dimba m'mbali mwa mtsinje. Ndipo munda ukaguga ankausiya tsala kuti upume. Mundawo sunali wao, unali wa mbumba ya mkazi wao, monga mwa mwambo wa cikamwini. Iwo anali mkamwini wopanda kwao kobwerera. Msonkho wa nyumba, umene m'caka ca 1894 unali mashiling'i atatu, unawapeza pamenepo, ndipo anaukhoma ndi thukuta la khasu lomwelo.

Koma nchito yao yaikulu inadza atakalamba. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 boma linatenga amuna pafupi 200,000 a dziko lino kukasenza katundu wa asilikari, nchito imene tiicha tengatenga, ndipo ambiri sanabwere. Akamwini atatu a pakhomo pao anatengedwa onse. Nkhalamba inatsala yokha ndi ana aakazi atatu ndi tiana tao. Ndipo inalima minda inai, kuyamba tambala woyamba, zaka zonse za nkhondo, kotero kuti pa khomo limenelo sipanafe mwana ndi njala. Anali ndi kankhokwe kapadera ka mbeu, kamene munthu sankakhudza ngakhale m'mimba mulire cotani. Lamulo limenelo mwana wao analisunga, pamodzi ndi mapira ndi dimba. Ndipo pa njala ya 1949, pamene anthu a tsidya la Blantyre anaoloka Shire kudzasuma kuno, pakhomo pathu panali kanthu kowagawira. "Ine ndiri moyo cifukwa ca kankhokwe kameneko," anatero agogo, "ndipo inunso, amuna anga, ndi Cilatini canu comwe."

MLANDU NDI AMALUME

Tsono panatsala cinthu cobvuta, ndico kuuza amalume. Sabata ziwiri ndinalimbana nazo m'mtima. Kodi ndibise, kuti mtendere ukhale? Koma mphunzitsi amene aphunzitsa lamulo lacisanu ndi citatu, loletsa umboni wonama, sangabise coonadi cifukwa cakuti sicikometsa mtundu wace. Ndinapita ndi nkhuku, ndipo ndinapempha agogo kuti akhalepo.

Amalume anamva zonse, nkhope irikuda, napfuula nati: "Mwana iwe, takutuma ku sukulu kuti ukatitengere ukapolo? Ukuti ife ndife ana a kapolo?" Ine ndinasowa mau. Koma agogo anatulutsa khasu lija, naliika pa mphasa pakati pathu, nati: "Iwe, ndidakusambitsa ndine. Tandiuza, cishango cidakudyetsa liti?"

Mtima wao utatsika pang'ono, ndinawafotokozera kuti Ungoni wao si wabodza. Mtundu wa Angoni unakula ndi kulandira anthu a mitundu ina pa ulendo wace wonse. Ogwidwa ankasanduka ana a nyumba, ana ao ankabadwa Angoni, ndipo ena anakwera kufikira pa unduna. Ndico cifukwa cace Angoni a kuno alankhula Cinyanja, pakuti ciri cilankhulo ca amai amene anawayamwitsa. Makutu obooka aja sananame: Agogo a Khasu anakhaladi Mngoni, koma anabadwa Mmang'anja, ndipo ulemu wao sunali pa nthungo. Magazi a ogwira ndi a ogwidwa anasanganikirana kale m'mitsempha yathu, ndipo palibe lero amene angathe kuwalekanitsa, kapena kuloza mnzace cala.

Ndinawakumbutsanso kuti Mateyo Woyera, polemba mibadwo 42 ya makolo a Ambuye athu, sanasese pabwalo kuti alendo asaone zinyalala: anachulamo Tamara, Rahabu, Rute mlendo wa ku Moabu, ndi mkazi wa Uriya. Yosefe, mwana wa Yakobe, anagulitsidwa ukapolo, ndipo ndiye anadzaza nkhokwe zimene zinapulumutsa abale ace. Patrick Woyera, mtumwi wa dziko la Ireland, anagwidwa ali mnyamata, naweta zoweta za mbuye wace. Josephine Bakhita, amene anagwidwa ali kamtsikana ku Sudan, Eklezia anamlemba m'gulu la Oyera m'caka ca 2000. Manyazi a ukapolo sali pa wogwidwa.

Amalume sanayankhe, ndipo ndinacoka osadziwa ngati ndaphwanya mbumba. Koma madzulo a tsiku la Oyera Onse anafika pa khonde langa ndi pepala lao, nati: "Aphunzitsi, mai uja wa ku Shire, amene anabereka mwana pa cilala, dzina lace alilemba bwanji? Kodi wosabatizidwa tingampempherere?" Ndinawayankha kuti inde, pakuti Eklezia, pa Msonkhano waciwiri wa ku Vatican, wa zaka za 1962 mpaka 1965, anaphunzitsa poyera kuti iwo amene sanamve Mthenga Wabwino popanda kulakwa kwao, koma anafuna Mulungu ndi mtima woona, natsata mau a mtima wao, akhoza kupulumuka ndi caulere cace. Ngoma amalume akubvinabe, ndipo acita bwino. Koma pa maliro a mwezi watha ndinawamva alikusimba za kankhokwe ka mbeu.

ZIMENE MUNGACITE PA BANJA PANU

Coyamba, pitani kwa nkhalamba zanu sabata yomwe ino, makamaka kwa amai okalamba, pakuti iwo ndiwo asunga mibadwo. Buku lidikira, koma nkhalamba siidikira. Musapite cimanjamanja, musafulumire, ndipo musawauze zimene mufuna kumva.

Caciwiri, gulani kope limodzi la banja. Lembani munthu ali yense ndi maina ace onse, mfunda wace, mudzi wobadwira, mudzi wokwatirako, kumene anaikidwa, ndi cocitika cimene anabadwirapo kapena kumwalirapo. Pansi pace lembani amene wakuuzani, ndi tsiku limene mwamva.

Cacitatu, tsatani mbali zonse ziwiri. Mwambo wathu uwerenga mbumba kwa amai, pamene maina a masiku ano atsata atate. Wotsata mbali imodzi ataya theka la makolo ace. Kudziwa ici kuthandizanso pa kufunsira ukwati, pakuti lamulo la Eklezia liletsa ukwati wa pacibale capafupi, ngakhale wa pacisuweni ceniceni, popanda cilolezo ca Ambuye Episkopi.

Cacinai, mukafuna za m'mabuku, yambani ndi kalata yanu ya ubatizo, ndipo pemphani kwa Bambo Mfumu mwaulemu. Mabuku amenewa ndi okalamba, ndipo muli nkhani za mabanja a eni. Cifukwa cace musadandaule akakuwerengerani okha mzere wanu.

Cacisanu, cimene mwapeza cilandireni monga ciri. Pamene buku ndi nkhalamba zisiyana, lembani zonse ziwiri. Pamene zonse ziri cete, siyani danga, musadzaze ndi zopeka. Ndipo musasandutse kope limeneli cida colandira minda ya abale anu kapena conyozera mabanja ena.

Pepala la banja langa caka cino latalika ndi maina asanu ndi awiri, ndipo walemba ndi mwana wanga uja, ndi dzanja lace. Ine ndidzakhala pa khonde la chalichi Lacitatu liri lonse madzulo mwezi wonse uno. Amene ali ndi kalata yakale ya Cilatini yomkanika kuwerenga abwere nayo, tidzaiwerenga pamodzi.

Mulungu adalitse mabanja anu ndi minda yanu pa mvula irinkudzayi, ndipo makolo athu onse, odziwika ndi oiwalika, awapatse mpumulo wosatha.

Ndine wanu mwa Kristu,
Mphunzitsi wa kwa Kanduku, Mwanza.